Yachiwiriyo Adya Ndani?

Lachiwiri masana, mumsewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre. Maminibasi opita ku Limbe akuliza mahutala, oitanira akulimbirana gogo wina pamodzi ndi chikwama chake, ndipo pakhomo pa malo ena odyera mnyamata waimika chikwangwani cholemba ndi choko: gulani pizza imodzi, yachiwiri ndi yaulere, lero lokha. "Lero lokha" ameneyu amabwera Lachiwiri lililonse, koma zimenezo tizisiye. Sunthirani kuno, pambali pa mayi wa nthochiyu. Pali kamthunzi, ndipo galasi la pazeneralo ndi lalikulu, sitiphonya kanthu.

Oyamba kufika ndi anyamata asanu a pasukulu ya ukachenjede ili apayi. Inasintha dzina mu 2021 n'kukhala MUBAS, koma kwa kondakitala aliyense mpaka lero ndi pa Poly basi. Sakulowa msanga. Aima mozungulira, mitu pamodzi, mafoni m'manja.

"Aise, tumiza yako pa Mpamba."

"Ine ndili pa Airtel Money."

"Nanga yotapira alipira ndani?"

Wamtali wa magalasiyo ndiye msungichuma, ndipo masamu akuwachitira pachikhatho. Pizza iliyonse amaidula zidutswa 8, ziwiri ndiye kuti 16. Anthu asanu, aliyense zitatu, chitsala chimodzi. Mlandu wa chidutswa chimenechi wayamba chakudyacho chisanalowe n'komwe mu uvuni. Wina akuti n'chake poti ndiye anaona uthengawo pa WhatsApp. Wina akuti wasonkha zambiri kuposa onse. Wamng'ono wa kumapetoyo sakunena kanthu, wangogwira pamimba n'kuyang'ana kumwamba, ndipo ine ndikuona kuti mlanduwu awina ndi iyeyo. Zakumwa sagula. Botolo la madzi lili m'chikwama, lizidutsa pansi pa tebulo. Mtsikana woperekera zakudya akudziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake akamadutsa pamenepo amayang'ana kudenga.

Tsopano taonani bambo wa tayi uyo. Wawerenga chikwangwanicho, wapitirira, wabwerera, wawerenganso. Akuzungulira pakhomopo ngati nkhuku yofuna poikira. Vuto lake n'limodzi: ali yekha. Ziwiri sangamalize, kulipira yekha mtengo wathunthu kukumuwawa, koma kuti chaulere chimudutse akuona ndiye ayi. Watulutsa foni. "Muli pati amwene? Ku Limbe? Aaa, basi." Waimbanso kwina. "Mwadya kale? Nthawi yomwe ino?" Kenaka maso ake akumana ndi a bambo wina wa jekete yotuwa, amene wakhala akumanga chingwe cha nsapato pafupi ndi chikwangwani chomwecho kuyambira kalekale.

"Pepani achimwene. Kapena nanunso...?"

"Ayi, ine ndimangoona."

"Nanenso ndimangoona. Bwanji tingophatikiza?"

Alowa. Sakudziwana ngakhale maina, koma akukambirana kale za nkhuku kapena ng'ombe, ndipo onse akwinya nkhope pamodzi atauzidwa kuti yaulereyo ndi yotsika mtengo mwa ziwirizo, osati imene iwe wakonda. Akhala pa tebulo limodzi poti kwina kwadzaza. Pofika chidutswa chachitatu zadziwika kuti wa jekete kwawo ndi ku Ntcheu, ndipo wa tayi anakwatira ku Ntcheu komweko, cha ku Tsangano. Basi, kuyambira pamenepo ndi "tengani ichi alamu", "ayi alamu, yambani inu".

Mwini malo ano si wachifundo ayi, komanso si wogona. Lachiwiri ndi tsiku lozizira pa geni ya zakudya. Za Loweruka zatha, Lachisanu likadali kutali, ndipo mwezi ukafika pakati anthu a m'maofesi amachoka kunyumba ndi kakontena ka mpunga wotsala dzulo. Koma uvuni wayatsidwa kale, lendi ya nyumba sifunsa kuti lero n'lachingati, ndipo antchito alandira malipiro ngakhale atatha tsiku akuingitsa ntchentche. Bola mipando idzaze, phindu likapezeke pa zakumwa, pa tchipisi chapambali, ndi pa mwana amene akaona ayisikilimu salola kutuluka. Anyamata a botolo la madzi aja ndiye amamudyera masuku pamutu, koma nawonso ali ndi ntchito yawo: odutsa akaona mipando ili ndi anthu amakhulupirira kuti muno mukukoma. Chimene mwiniyu sanachiganizire mwina n'chakuti pulomoshoni yakeyi imapatsa anthu ntchito ina. Munthu akagula mbale imodzi amangodya n'kumapita. Akapatsidwa ziwiri ayenera kupeza wodya naye, ndipo apa ndi pamene m'tauni muno umaona amene ali ndi anzake, amene akufuna kupanga anzake, ndi amene ali ndi ngongole kwa anzake.

Chokocho nachonso chili ndi nkhani yake. Tirigu wambiri amene timadya muno amachokera kunja, ndiye mtengo wa ufa wake umatsatira dola. Chigwetsereni Kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, eni malo odyera ambiri anatopa n'kusindikiza mitengo pa mapepala onyezimira aja. Amene akadali nawo amamata kapepala pamwamba pa mtengo wakale, kena pamwamba pa kanzake, moti podikira chakudya ukhoza kukanda ndi chikhadabo n'kuona zimene unkalipira chaka chatha. Ndinaonapo madala ena akukanda mpaka pansi penipeni, n'kupukusa mutu, n'kumatanso bwinobwino kuti asakalipidwe. K5,000 ija itangotuluka mu 2022 anthu ankaiyang'ana kawiri asanaitulutse. Lero pakauntala apa amaziwerenga zingapo, chala chikupita kulilime.

Chete, akubwera awa. Mnyamata malaya ositidwa mpaka mzere, perefyumu akumveka mpaka kuno. Mtsikana nsapato zazitali, akuyenda mosamala pamiyala yothyoka ya m'mbali mwa msewu. Atafika pachikwangwani mnyamata wachita ngati wadzidzimuka.

"Ah! Kodi lero kuli pulomoshoni? Ine sindimadziwa."

Mtsikana wangomwetulira. Ndikhoza kubetcha kuti anauzidwa zoti Loweruka kuli maliro, Lamulungu kuli kwaya, Lolemba bwana wavuta, tsiku lomasuka ndi Lachiwiri lokha. Sanatsutse. Wangotsegula pepala la zakudya, chala n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pa juwisi wamkulu wa zipatso, uja amabwera ndi ayisikilimu pamwamba. Mnyamata waitanitsa madzi, ati mimba sikufuna shuga masiku ano. Zonse zimene anapulumutsa pa pizza zalowa m'tambula imodzi, ndipo akuyang'ana tambulayo ikutsika kwinaku akuseka nthabwala zake zomwe.

Kapepala kolipirira kafika. Wakayandikiza kumaso.

"Asisi, iyi ndi ya chiyani?"

"VAT, bwana."

"Nanga iyi yapansiyi?"

"Ya zokopa alendo. Ndi 1 peresenti yokha."

"Alendo? Ine wa ku Ndirande konkuno?"

Walipira, tchenji wawerenga kawiri. Bokosi lachiwiri silinatsegulidwe n'komwe, ndipo mtsikana walinyamula kale. "Ndikawapatse azing'ono anga, sanalawepo." Mnyamata akuti inde, inde, nayenso amaganiza zomwezo, koma maso ake akuperekeza bokosilo. Kwinakwake ku Ndirande kuli mfana wogona naye chipinda amene anabwereketsa lamba wavalayo, ndipo analonjezedwa bokosi limenelo.

Za m'mahotela akuluakulu a m'tauni, kumene anthu a misonkhano ya mabungwe amadzitengera okha chakudya mpaka nsomba kukhala pamwamba pa nkhuku, tidzakamba tsiku lina. Kumeneko wolipira sakhala pa tebulo, ndiye palibe masamu oti tione. Chimodzimodzi pa 14 Febuluwale ndi pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pamene mbale yomwe ija imabwera ndi duwa limodzi n'kutchedwa yapadera. Tiyeni tiwoloke msewu m'malo mwake, tilowere cha ku chipatala cha Gulupu, kumene utsi ukufukako.

Kuno kulibe galasi, kulibe chikwangwani. Wa chiwaya akutembenuza tchipisi, mbatata ya kachewere yochokera ku Ntcheu ndi ku Dedza ili m'thumba pambali pake, ndipo aliyense wofika amayamba watola kamodzi kolawa asananene kuti akufuna cha zingati. Palibe amene anavomereza lamulo limeneli, koma palibenso wa chiwaya amene angayerekeze kuliletsa. "Ikanipo kabichi wambiri. Tsabola pang'ono. Ayi, wonjezerani. Nanga basela?" Ndipo chipande chimabwereranso ndi tidutswa titatu, tinayi ngati nkhope yako ndi yodziwika.

Kuseri kwake kuli mayi wa nsima, mapoto anayi pa mbaula, mabenchi awiri, mtsikana mmodzi wosambitsa anthu m'manja ndi jagi ndi beseni, wina wotsuka mbale. Nyemba, usipa, nthumbwana za mbuzi, nkhuku ya lokolo, nkhwani wotendera. Pa benchi akhala dalaivala, namwino wongoweruka, mlonda wa yunifolomu, ndi bwana wina amene tayi waiponya paphewa kuopa msuzi. Pano sasankhana. Amene wafika mochedwa amadya chiimirire, kaya ali ndi makiyi a galimoto kaya alibe.

Mayiwa naonso ali ndi pulomoshoni, kungoti siyendera tsiku, imayendera nkhope. Mlendo amalandira mitanda yake yokwanira ndi nthuli imodzi, osaposa. Kasitomala wakale chipande chimamulowera mozama, msuzi amathiriridwa kawiri osapempha, ndipo nthawi zina pansi pa nkhwani amapezapo khosi la nkhuku kapena chipalapaso chimene sanalipire. Koma chachikulu ndi kope lija lili pansi pa ndowa yovundikira, lakuda ndi mafuta m'makona. Mmenemo muli theka la anthu a m'maofesi ozungulira kuno. Maina enieni mulibe. Muli "Wa Tayi Yofiira", muli "Adalaivala Aafupi", muli "Abusa". Munthu amadya kuyambira pakati pa mwezi, mayi akungolemba timizere, ndipo malipiro akatuluka amabwera yekha kudzafufutitsa. Chikole palibe, chiwongoladzanja palibe. Mayiwa amagula ufa, makala ndi mafuta ndi ndalama yapamanja m'mamawa uliwonse, pa mitengo yomwe ikukwera ija, kenaka n'kudyetsa anthu ovala bwino kuposa iwo pa ngongole. Ine ndikaona mabanki a mu Victoria Avenue ndi alonda awo pakhomo, ndimakumbuka kope limeneli.

Ndawafunsa mayiwa ngati Lachiwiri la pizza limawalanda makasitomala. Aseka mpaka chipande kugwedezeka. "Amabwera mochedwa, bambo, koma amabwera. Cha m'ma thuu koloko muwaona. Amati tingoikako kamtanda kamodzi kotsekera."

Asanamalize n'komwe, taonani uyo akudutsa cha kutsidya kwa ngalande, akuyenda chammbali, nkhope wayang'anitsa kumpanda. Kalaliki wa pa ofesi ina, malaya oyera, ndipo kukhwapa kwake kuli bokosi lafulati limene akuyesetsa kulibisa ndi nyuzipepala. Nyuzipepala ndi yaing'ono, bokosi ndi lalikulu. Mayi amuona kalekale.

"Ankolo! Ankolo a malaya oyera! Mwaswera bwanji?"

Waima. Benchi yonse yasiya kutafuna.

"Aaa, masteni! Ndaswera, kaya inu? Ndimabwera konkuno."

"Mumabwera konkuno chodzera uko?"

"Ndimapewa matope."

"Matope a mwezi uno, dzuwa lonseli? Nanga kukhwapako mwanyamula mafayilo?"

Mlonda watsamwa ndi nsima, namwino akumumenya pamsana. Kalaliki waoloka ngalande, mapewa ali pansi, ndipo poti wagwidwa wasankha kugwidwa mwaulemu. Watulutsa bokosi, walipukuta ndi dzanja, walipereka ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono.

"Ndimakubweretserani inuyo, masteni. Ndinati mayi anga aja nawonso alaweko za m'tauni. Kupatsa n'kuikiza."

Mayi apukuta manja pachitenje, atsegula bokosi, ayang'ana nthawi yaitali. Anunkhiza. Akhudza m'mphepete ndi chala.

"Ndiye ndiwo zake anaiwala, kapena ndi zimene azipakazi?"

Aitana atsikana awo awiri aja, awapatsa bokosi lonse, ndipo atsikanawo athawira nalo kuseri kwa matumba a makala akusekerera. Kenaka mayi asuntha ndowa, atulutsa kope, anyowetsa chala, atsegula masamba mpaka apeza pamene akufuna. Kalaliki wasuzumira, nkhope ikuwala ndi chiyembekezo.

"Zikomo kwambiri ankolo, Mulungu akudalitseni. Timizere tanu ndi 11. Lero mudya nyemba kapena usipa, ndilembe ka 12?"

"Usipa," watero kalaliki, akupinda manja a malaya. "Msuzi wambiri."