Aombereni M'manja Aperekezi a Chingerezi

Akatswiri a galamala akamagawa ulemu amathamangira dzina ndi mneni, mperekezi n'kumusiya panja. Kumeneko n'kupanda chilungamo. M'Chingerezi muli aperekezi atatu, "in", "on" ndi "at", aliyense wa zilembo ziwiri zokha, koma amalamulira nthawi yonse kuchokera m'bandakucha mpaka pakati pa usiku. Ku Malawi kuno mwana sangalandire setifiketi ya MSCE ngati walephera Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi atazikhoza mochititsa kaso. Choncho mafumu atatuwa ali ndi mawu pa tsogolo la mwana aliyense wa Fomu 4, ndipo ndi bwino kuwagwadira.

Ubwino wawo woyamba ndi kufatsa. Amayamba ndi lamulo losalala lomwe mphunzitsi amalemba pabolodi mosavutika: "in" ndi wa chaka ndi mwezi, "on" ndi wa tsiku, "at" ndi wa ola. Mbendera ya Malawi idakwera koyamba ku Blantyre "in 1964", "on 6 July", "at midnight". Atatu onse m'chiganizo chimodzi, aliyense pampando wake. Wophunzira amamwetulira, naganiza kuti nkhani yatha.

Apa m'pamene nzeru zawo zimaonekera. M'mawa ndi "in the morning", masana ndi "in the afternoon", madzulo ndi "in the evening". Mwana wanzeru, yemwe waona momwe zikuyendera, amalemba molimba mtima kuti "in the night", ndipo cholembera chofiira chimamupeza pompo. Yankho ndi "at night". Usiku wonse, ndi maola ake ambirimbiri, waikidwa m'gulu limodzi ndi 7 koloko, ndipo "the" wathamangitsidwa popanda mlandu. Pofuna kuti mwanayo asazolowere, "in the night" aliponso ndithu, koma amanena za chinthu chomwe chachitika mkati mwa usiku wina wake, monga khanda kudzuka n'kulira. Dzina la tsiku likangofika, m'mawa womwe uja umasamukira kwa mfumu ina: "on Monday morning". Akati anene za m'mawa uno kapena mawa madzulo, atatu onse amapita kukapuma, n'kusiya "this morning" ndi "tomorrow evening" opanda mperekezi aliyense. Ndani wina amagwira ntchito mwaufulu chotere?

Eni chiyankhulo nawonso sadapulumuke. Wa ku London amati "at the weekend", wa ku New York amati "on the weekend", ndipo aliyense amaona ngati mnzakeyo ndiye sadapite kusukulu.

Pa nkhani ya nthawi yomweyi, malonje a Chingerezi ndiye oyenera nthungululu. Munthu akakumana ndi mnzake m'mawa amati "good morning", masana "good afternoon", madzulo "good evening". Koma mlendo wofika pageti 11 koloko usiku akauza mlonda kuti "good night", wamutsanzika asanalowe n'komwe, pakuti mawu amenewa ndi otsanzikira basi. Ayenera kunena "good evening", ngakhale nkhuku zidalowa m'khola kalekale. Pakangodutsa ola limodzi ndi mphindi zochepa, muulutsi wa pawailesi amayamba kupereka "good morning" kunja kuli mdima wa ndiweyani. Pali "good day" yemwe bwenzi atathetsa mavuto onsewa, koma ku Britain adakalamba, ndipo akanenedwa mouma amatanthauza kuti zokambirana zatha, tulukani. Ku Australia ndiko adakapeza malo, atafupikitsidwa kukhala "g'day".

Tisaiwale kuyamikira kusunga nthawi kwa malonje amenewa. "Mwadzuka bwanji?" ndi funso, ndipo limafuna yankho, kenako "kaya inu", kenako za ana ndi za odwala. "Mwaswera bwanji?" chimodzimodzi. Moni wa Chingerezi safunsa kanthu. Amangolengeza kuti m'mawa ndi wabwino, kaya mvula ya mu Januwale yagwetsa khoma la khitchini, ndipo munthu amapitirira ulendo wake.

Ngakhale malire a masana adayendapo. Mawu oti "noon" adachokera ku Chilatini, ku ola lachisanu ndi chinayi kuwerengera kuyambira kutuluka kwa dzuwa, lomwe ndi cha m'ma 3 koloko masana, nthawi yomwe amonke ankapemphera. Patapita zaka, mawuwo adasunthira ku 12 koloko, ndipo "afternoon" adawatsatira mosafunsa.

Tibwerere kwa aperekezi: mfumu yeniyeni siyisowa adani. M'chaka cha 1672 mlakatuli John Dryden adadzudzula mlembi Ben Jonson chifukwa chomaliza chiganizo ndi mperekezi, potengera Chilatini chomwe sichilola zimenezo. Mu 1762 Robert Lowth, yemwe pambuyo pake adadzakhala bishopu wa London, adalemba m'buku lake la galamala kuti kalembedwe kaulemu kamakoma mperekezi akakhala patsogolo, ngakhale adavomera kuti pocheza anthu amamuika kumapeto. Aphunzitsi adasandutsa langizo limeneli kukhala chikwapu kwa mibadwo ingapo. Aperekezi sadayankhe. Adangopitiriza kukhala pomwe afuna, mpaka mu 2024 a dikishonale ya Merriam-Webster adalengeza pa intaneti kuti kumaliza chiganizo ndi mperekezi si kulakwa, anthu n'kukangana masiku angapo.

Chomwe chatsala chosagonja ndi 12 koloko. Zilembo za "a.m." zimatanthauza kuti dzuwa lisanafike paliwombo, "p.m." litadutsa, ndiye 12 koloko yeniyeniyo ilibe kwawo. Buku la kalembedwe la ofesi yosindikiza ya boma la United States linkati 12 a.m. ndi masana, koma mu 2008 lidatembenuka n'kunena kuti masana ndi 12 p.m. Pakati pa usiku pali vuto lina: "at midnight on Friday" ndi poyambira Lachisanu kapena pothera pake? Makampani a inshuwalansi ndi a zamaulendo ambiri adaleka kulimbana nazo, ndipo pamapepala awo amangolemba 11:59 kapena 12:01.