Wofunsa Mesho Naye Anadya Phula

Akale anati safunsa anadya phula. Ankanena munthu wamatama, amene anapeza chisa cha njuchi n'kuyamba kumeza osafunsa kuti uchi ndi uti. Ana a pa yunivesite mlandu umenewu alibe. Amafunsa ndithu. Nkhani yagona pa munthu amene amamufunsayo.

Mutu ukayamba kuwawa usiku woti mawa kuli mayeso, dokotala woyamba amakhala mesho, wagona pabedi lapamwambayo. Iyeyo akuphunzira zamalamulo, koma sachita chibwibwi: "Amenewo ndi malungo, aise. Ndili ndi LA wotsala." Tamvani bwino mawuwo: wotsala. LA wa munthu wamkulu ndi mapiritsi 24, anayi m'mawa, anayi madzulo, kwa masiku atatu. Akatsala ndiye kuti dokotala wathuyu anasiyira panjira atangomva kuti thupi lapepuka. Munthu wothawa mankhwala dzana, lero ndiye sing'anga wa hositelo yonse.

Mukatsegula sutikesi yake mungaganize kuti mwalowa m'famase. Muli Bactrim amene anachoka naye kumudzi, Bufen wogula pa okala, ndi makapisozi ena opanda pepala, odziwika ndi mtundu basi: "ofiira ndi achikasu aja." Chimfine amachithira Amoxicillin, chonsecho chimfine chimabwera ndi vairasi, ndipo vairasi ndi Amoxicillin sadziwana n'komwe. Panado amamutafuna ngati mtedza, osawerenga kuti malire a munthu wamkulu ndi mapiritsi 8 patsiku. Chiwindi n'chaulemu, sichidandaula msanga. Flagyl yekha ndiye alibe ulemu: mukamumwa Lachisanu masana n'kupondereza mowa madzulo, amakulangani pompo.

Chifukwa chimene wodwala amathamangira kwa mesho timachidziwa. Kukiliniki kuli mzere, kalasi ikuyamba 8 koloko, ndipo ndalama ya famase ndi yomweyo ya ufa ndi bonya. Koma kuyeza malungo n'kubaya chala kamodzi, zotsatira zimatuluka mphindi 20 zisanadutse. Mnyamata yemweyo amakhala pabenchi mphindi 90 kuonera Arsenal, osadandaula msana.

Chimene mesho sadziwa n'chakuti tizilombo nato tili pasukulu. Mankhwala osamaliza ali ngati kutionetsa mayeso asanalembedwe: tofooka timafa, tochenjera timaloweza mafunso n'kuuza ana ake. Umu ndi mmene tinakhozera chloroquine, mpaka Malawi anamusiya mu 1993 n'kutenga Fansidar. Uyunso tinamukhoza, ndipo mu 2007 kunabwera LA. Tizilombo sitilemba sapu, sitifunanso ngongole ya fizi.

Wodwala uja akaona kuti LA wa mesho sakugwira, amafunsa Google, amene amamuuza kuti mwina ndi khansa ya mu ubongo. Apo ndiye amalembera gulu la kalasi pa WhatsApp. Pasanathe mphindi zisanu ayankha anthu 14, ndipo atatu mwa iwo ali ndi mankhwala otsala.