Malangizo kwa Iye Wofuna Kuyenda Yekha m'Mayiko a Mekong

Popeza masiku ano kwabuka mtundu wa anthu amene, atatopa ndi maliro, zinkhoswe, misonkhano ya mpingo ndi achibale obwereka osabweza, amalonga zawo zonse m'chikwama chimodzi cha kumsana nalumbira kuti akupita kutsidya la nyanja kukapeza mtendere wa mumtima, ngati kuti anausiya ku Asia kumene sanapondeko chibadwire, ine, amene sindifuna kuti nkhosa ina itayike chifukwa chosowa mbusa, ndaona chanzeru kuika pa sikelo mayiko anayi oyandikana amene amamwa madzi a mtsinje wa Mekong, ndiwo Thailand, Laos, Cambodia ndi Vietnam, kuti woyenda yekhayo adziwe kumene kusungulumwa kwake kungasungike bwino osavunda. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Koma akuluakuluwo sanakwerepo ndege, tsono tiwakhululukire.

Yambani ndi Thailand, bwana wanga, dziko limene silinagwadirepo mtsamunda, ndiponso limene galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu, kotero kuti simudzagundidwa tsiku loyamba lomwelo chifukwa choyang'ana kolakwika. Mukatera mu Bangkok, lunjikani ku msewu wa Khao San, pakuti kumeneko ndiko amasonkhana oyenda okha a pa dziko lonse lapansi, unyinji wawo ngati ngumbi pa nyali, onse atavala thalauza limodzimodzi la zithunzi za njovu, ndipo aliyense akufotokozera mnzake m'mene amadanira ndi piringupiringu wa anthu. Woyendetsa tuk-tuk akakuuzani mwachisoni kuti nyumba yachifumu yatsekedwa lero, mkhulupirireni ndi mtima wonse, pakuti iye adzakutengerani kwa telala, ndipo inu amene munabwera kudzapepukitsa mzimu mudzabwerera ndi masuti awiri. Ikakwana 8 koloko m'mawa kapena 6 koloko madzulo nyimbo ya fuko nimveka pa siteshoni, imani chilili monga aima eni dziko. Musagwire munthu kumutu, musaloze chinthu ndi phazi, ndipo koposa zonse mangani lilime pa za banja lachifumu, chifukwa gawo 112 la malamulo awo limapereka zaka 3 kufikira 15 kwa wonyoza mfumu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wina angaganize kuti ndende ndiyo njira yachidule yokhalira payekha, koma ndimchenjeze kuti ngakhale m'menemo amagona ambiri. Ndipo ngati mufuna kuyenda mosinkhasinkha za moyo wanu, fikani pakati pa 13 ndi 15 Epulo, nyengo ya Songkran, pamene mwana ndi nkhalamba yomwe adzakukhuthulirani ndowa ya madzi osakufunsani dzina.

Mukauma, wolokerani ku Laos, dziko lopanda gombe la nyanja yamchere monga lathu, kumene changu chimayesedwa matenda a alendo. Kuyambira Disembala 2021 kuli sitima yapamtunda yaliwiro yochoka ku Vientiane kukafika kumalire a China, yodzera ku Luang Prabang. Imeneyi muipewe ngati tchimo, pakuti woyenda yekha amene sanavutike alibe nkhani yokasimba. Sankhani bwato lochoka ku Huay Xai, limene limatsika Mekong masiku awiri, nkugoneka alendo ake pa Pakbeng, ndipo m'masiku awiriwo, mutapanikizana bondo ndi bondo ndi anthu omwewo kuyambira kutuluka kwa dzuwa kufikira kulowa kwake, mudzadziwa matenda awo, ngongole zawo ndi chifukwa chimene anasiyirana ndi okondedwa awo, kuposa m'mene mudziwira za alongo anu. Mukadandaula kuti bwato lachedwa adzakuyankhani kuti bo pen nyang, ndiko kunena kuti palibe kanthu, ndipo indetu palibe. Chakudya chawo ndi mpunga womata, wa m'timadengu, umene amaukanya m'dzanja ndi kusunsa m'ndiwo. Apa inu mwana wa nsima mudzachita manyazi, chifukwa mudzapeza kuti mwauluka usiku ndi usana kukaphunzira kudya monga anakuphunzitsirani amayi anu, ndiponso kuti dengulo amaika pakati kuti onse atapemo.

Ku Cambodia dzukani tambala asanalire, kuti mukaone dzuwa likutuluka kuseri kwa nsanja za Angkor Wat, kachisi amene mfumu Suryavarman II inamanga m'zaka za m'ma 1100, amenenso ali pa mbendera ya dzikolo. Ndipo pamene mukuyenda mu mdima, mtima uli phee, mukudzitama kuti nzeru imeneyi ndi yanu nokha, taonani, m'mphepete mwa dziwe mudzapeza khamu ngati la tsiku la chiweruzo, mafoni ali m'mwamba, ndipo dzuwalo mudzaliona pa foni ya munthu wamtali amene waima patsogolo panu. Ndalama za kumeneko ndi ziwiri, dola ya Amereka ndi riel, ndipo chenje chimabwera chosakaniza, pa mtengo wa ma riel pafupifupi 4,000 pa dola imodzi, kuti masamu anu a ku pulayimale asachite dzimbiri. Koma dola yong'ambika pangodya adzaikana monga akanira mkamwini waulesi. Mukadzera pa Skuon adzakugulitsani akangaude okazinga, ndipo inu amene munakulira mbewa, ziwala ndi mphalabungu musakwinye nkhope, pakuti nyani saseka mnzake chikundu. Penyaninso mtsinje wa Tonle Sap, umene nyengo ya mvula ikafika umatembenuka nubwerera kumene unachokera: madzi omwe adziwa kubwerera kwawo.

Pano ndiyambe ndavula chisoti cha nthabwala. Ku Laos, m'madera akumidzi, musapatuke m'njira yopondedwa, chifukwa mabomba amene ndege za Amereka zinaponya pakati pa 1964 ndi 1973 ambiri akali m'nthaka osaphulika. Ku Cambodia, mu Phnom Penh, mukalowa mu Tuol Sleng, sukulu imene a Khmer Rouge anaisandutsa ndende m'zaka za ulamuliro wawo wa 1975 mpaka 1979, tsekani pakamwa ndi kamera yomwe. M'mayiko anayi onsewa, apo pokha ndi pamene munthu amakhaladi yekha ngakhale ali pakati pa anthu, ndipo sindinamvepo wina akupempha kuti akhalitsepo.

Vietnam ndamsungira kumapeto monga asungira chiwindi mwana wokondedwa. Sinthani madola 50 okha pa bwalo la ndege ndipo mudzatuluka muli mpondamatiki, ma dong opitirira miliyoni ali m'thumba, ulemu umene udzatha pofika mawa madzulo. Kenaka mudzaima m'mbali mwa msewu wa mu Hanoi, njinga zamoto zikusefukira ngati Shire wa mu Febuluwale, kudikira kuti zidukize. Ndipo mudzadikira kufikira imvi. Lamulo lake nlakuti munthu alowe m'madziwo pang'onopang'ono, osathamanga, osaima, osabwerera, monga ana a Israyeli pa Nyanja Yofiira. Koma popeza chikhulupiriro chanu nchochepa, tsatani agogo osenza madengu pa mtengo wa paphewa, mudziphatike kumbali kwawo, kuti inu amene munachoka kwanu mukunena kuti simufuna munthu muwolotsedwe msewu ndi nkhalamba. Mukakhala pa kampando kapulasitiki kofika m'kakolo kudya pho, kapena kumwa khofi wothira dzira m'dziko limene pa ulimi wa khofi limapambanidwa ndi Brazil yekha, adzakufunsani zaka zanu. Musakwiye, pakuti m'chinenero chawo munthu samuitana bwino asanadziwe ngati ali anh, mkulu wamwamuna, chị, mkulu wamkazi, kapena em, wamng'ono. Ndiye kuti musanamalize mbale mudzakhala mutasanduka mbale wawo. Funso lachiwiri lidzakhala loti munakwatira kodi, ndipo lachitatu, loti chifukwa chiyani, ndi mawu omwe aja a azakhali anu amene munawathawa. Mukafuna kupuma, kwerani sitima ya ku Ho Chi Minh City, mtunda wa makilomita 1,726, maola opitirira 30, m'kachipinda ka mabedi anayi kapena asanu ndi limodzi, momwe banja la eni lidzakudyetsani mokakamiza kufikira mutapempha chifundo.

Tsono chigamulo changa ndi ichi: wofuna kusungulumwa pakati pa anzake osungulumwa apite ku Thailand, wofuna kusungulumwa mochedwa apite ku Laos, wofuna kusungulumwa pa mzere, m'bandakucha, apite ku Cambodia, ndipo wofuna kuti kusungulumwa kwake kulandidwe ndi eni dziko, ngati mpeni m'dzanja la mwana, apite ku Vietnam. Kulikonse kumene mungasankhe, gulani kadi ya foni tsiku loyamba, chifukwa mudzafuna kutumiza zithunzi pa WhatsApp ola lililonse kwa achibale omwe aja, kuti aone m'mene mukukhalira bwino popanda iwo, ndipo chithunzi chilichonse chabwino chidzakhala chojambulidwa ndi munthu wina amene munampempha mwaulemu. Pomaliza, ndapota nanu, siyani malo m'chikwama a mphatso, pakuti tsiku lobwera mudzawapeza onse pa bwalo la ndege, azakhali ali patsogolo, atabwera pa minibasi yahayala imene mudzalipire ndinu.