Mvuu ya Agogo Aamuna

MDZUKULU: Agogo, taonani chimene ndapeza m'sutikesi ya malemu agogo aamuna. Mfuti paphewa, phazi pamutu pa mvuu! Chithunzi ichi ndikachikulitsa ku Lilongwe, tidzachikhome pamene alendo azidzalandirira makiyi.

AGOGO: Alendo ake ati, amuna anga? Kwagwa zovuta?

MDZUKULU: Alendo olipira, agogo. Nyumba ino tiikonza ikhale koteji ngati aja a ku Senga Bay. Mabwana azifika Lachisanu, kudya chambo, kukwera bwato, Lamulungu n'kumapita.

AGOGO: Munthu wanzeru zake kulipira kuti alumidwe ndi udzudzu wa kuno? Ife umatiluma ulere.

MDZUKULU: Amalipirira mbiri. Pachikwangwani ndilemba kuti: banja la alenje ndi akatswiri a panyanja, mibadwo inayi.

AGOGO: Tabwera nacho kuno, maso anatha awa. Eee, ndi iwowo. Mfutiyo ndi yawo. Phazilo ndi lawo. Mvuuyo ndiye si yawo.

MDZUKULU: Si yawo bwanji? Mudzi wonse umadziwa!

AGOGO: Mudzi wonse unadya nawo nyama, ukanakana bwanji? Mvuu imeneyi inatha mpunga kudambo uko, amfumu n'kukadandaula kuboma. Boma linatumiza mlenje wake, bambo wamfupi wosalankhula. Anaiwombera usiku, iyo n'kumira. Mvuu ikafa imayamba yamira, imadzayandama mimba ikatupa. Kutacha amuna anaikoka ndi zingwe, wojambula n'kutulukira pa njinga kuchokera ku Salima. Mlenje uja anali atagona pansi pa mango. Agogo ako ndiwo anali maso, poti usiku wonse anachezera pa denga la nkhokwe.

MDZUKULU: Ankaibisalira pamenepo.

AGOGO: Nkhokweyo inali kuseri kwa tchalitchi, mdzukulu wanga. Mvuu sipemphera.

MDZUKULU: Komabe mfuti anali nayo.

AGOGO: Gogodela. Ukuidziwa? Uthire wonga kukamwa kwake, ulonge tizidutswa ta misomali, utsekere kansanza, kenaka uzigogoda ndi chitsulo. Pamene agogo ako ankamaliza zonsezo, gwape anali atafika kwawo ku Dowa n'kupereka moni. Inalira kamodzi kokha pamaso panga, akuipukuta pakhonde. Yang'ana lata lachitatu apo. Pamene timatchera beseni mvula ikamagwa, ndiye nyama imene anapha.

MDZUKULU: Nanga uzimba uja ankasimba?

AGOGO: Uzimba unaliko, usatsutse. Mwezi wa Okutobala, udzu utauma gwaa, lipenga linkalira m'mamawa, midzi itatu n'kutuluka ndi agalu, mikondo, zibonga ndi mauta. Ena kutentha tchire mbali iyi, ena kudikira mbali inayo. Madzulo kunkabwera insa, akalulu, nkhanga, tsiku lamwayi nguluwe, amfumu n'kulandira gawo lawo. Atate anga ndiwo anali mlenje weniweni. Ankangoona ndowe n'kukuuza kuti nyama yadutsa liti. Koma agogo ako akabwera chimanjamanja, mlandu unali wanga. Lero akuti ndinasesa m'nyumba iwo ali kutchire. Mawa akuti ndinaseka ndi munthu wamwamuna pachitsime. Miyambo ya alenje ilipo, inde, koma yawo inkabadwa yatsopano ulendo uliwonse.

MDZUKULU: Ndiye bola zinatha. Masiku ano lamulo la nyama zakutchire, chilikonzereni mu 2017, likhoza kukutsekerani zaka mpaka 30. Ku Nkhotakota uko anachita kutengerako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, mu 2016 ndi 2017, pa malole.

AGOGO: Njovu pa lole? Inalipira zingati? Ine wopita kuchipatala ndimakwera matola choimirira, thumba la makala kumsana. Ukadzakumana nawo a zanyamawo uwauze kuti kuno kuli nkhalamba yosowanso, yatsala imodzi.

MDZUKULU: Chabwino, za ulenje ndifufuta. Koma panyanja pokha agogo aamuna anali dolo.

AGOGO: Iwe, agogo ako anali mkamwini wochokera kumapiri. Madzi aakulu amene ankawadziwa ndi a mumtsuko. Nyumba ino anamanga ndi atate anga, ndi ndalama za ku Joni, nthawi ya Wenela, Kamuzu asanatseke ulendowo mu 1974 ndege ija itagwa ku Francistown. Tsiku loyamba atate anati, tiyeni mkamwini tikavuule matchera. Bwato lathu ukulidziwa, kukamwa kwake n'kopapatiza. Umakhala pamilomo pake, miyendo yokha m'kati. Iwo poopa kugwa anadzipanikiza thupi lonse m'katimo. Kupita anapita bwino. Pobwera anakanirira. Anthu anayi kukoka, mayi anga kuthira mafuta a nsatsi m'chiuno mwa mkamwini wawo, munthu woti ankayenera kumuthawa akakumana panjira!

MDZUKULU: Agogo, mukuwonjezera.

AGOGO: Ndachotsako, poti ndi malemu.

MDZUKULU: Koma Ilala anakwera. Tikiti ndaiona m'sutikesi momwemo.

AGOGO: Tikiti yopitira. Yobwerera waiona? Anakwerera ku Chipoka, kutsikira ku Nkhotakota, kubwera wapansi. Unali mwezi wa Julaye, mwera uli pachimake. Komatu pamenepo sindiwaseka kwambiri. Anthu a nthawi imeneyo anali asanaiwale Vipya, sitima imene inamira kumpoto uko mu 1946 ndi anthu 145. Ilala itayamba kuyenda mu 1951, atate ankati chitsulo chobwera m'zidutswa kuchokera ku Scotland, n'kuchilumikiza ku Monkey Bay, iwo sangachikhulupirire kuposa mtengo umene asema okha. Chitsulocho chakwirira onse amene ankachinyoza.

MDZUKULU: Ndiye katswiri wa panyanja m'banja muno ndani?

AGOGO: Ukulankhula naye. Ine nkhafi ndinaidziwa ndisanadziwe mthiko. Atate analibe mwana wamwamuna, ndiye wokapa madzi m'bwato ndinali ine, wopalasa kutsogolo ndinali ine. Mwera ukamabwera ndinkaumva m'makutu nyanja ikadali bata. Amalume ako anabadwa mochedwa, n'kudzagula injini ndi chilimila. Amati zopalasa n'zachikale. Petulo akawathera pakati pa nyanja, amabwera akupalasa ndi chivundikiro cha ndowa.

MDZUKULU: Injini yomweyo ndiye tizitengera alendo ku chilumba cha Mbenji. Mowa wozizira m'bokosi, nyimbo, aliyense ndi wachikondi wake.

AGOGO: Ku Mbenji? Uyambe wakagwada kwa amfumu a Makanjira. Kumeneko mowa sufika. Mkazi saponda. Njuga ayi, chamba ayi. Ndipo kuyambira Disembala mpaka Epulo chilumba chimatsekedwa, ngakhale msodzi salowako, kuti nsomba ziswane. N'chifukwa chake utaka wa kumeneko ukadali wonona pamene kwina akukokera tiana ta nsomba m'masikito. Tsono mabwana akowo ukawalanda botolo ndi chibwenzi, atsala ndi chiyani?

MDZUKULU: Atsala ndi mafoni.

AGOGO: Aziwajambula akhwangwala.

MDZUKULU: Basi, azingokhala pompano. Ndimanga kakhonde kamatabwa pamchenga apo, madzi azinyambita masitepe. Nyumba ino vuto lake ili kutali ndi nyanja. Agogo aakuluwo sankadziwa za malonda.

AGOGO: Ankadziwa za nyanja. Ali mnyamata madzi anaphwera mpaka Shire analeka kutuluka m'nyanja, anthu n'kulima chimanga pamene lero pakuyenda maboti. Kenaka anabwerera osaodira. Atate pomanga anayang'ana pamene panalekezera mizu ya mlambe uwo, n'kubwerera m'mbuyo mapazi ena. Mu 1980 madzi anafika pa mlambe n'kuima. Mu 2024 wawaona wekha makoteji a anzakowo, mafunde akugona pabedi osalipira. Nyanja malo ake imachita kubwereketsa, ndipo tsiku lodzatenga siinena.

MDZUKULU: Ndiye pachikwangwani ndilembe chiyani? Mlenje sanaphe, woyenda panyanja anakanirira m'bwato.

AGOGO: Mibadwo inayi ija, wachinayi ndi iwe? Iwe amene unabwera pa holide uli Sitandade 3, n'kusanza m'bwato lili pamtunda?

MDZUKULU: Linkagwedezeka!

AGOGO: Ankaligwedeza ndi mbuzi, inkadzikanda. Leka kulemba, mwezi kulibe lero, amalume ako akupita ku usipa. Pita nawo, ukagwire nyali. Ukabwera ndi ndiwo, dzina lako tilemba.

MDZUKULU: Usiku? Jekete yoyandamitsa ilipo?

AGOGO: Ilipo. Chigubu icho chili paseli pa chitseko, umangirire m'chiuno.

MDZUKULU: Chikulemeratu ichi, agogo.

AGOGO: Muli petulo wobwerera. Ukagwa m'madzi uyambe wawaponyera amalume ako, wakwera mtengo.