Ulemu kwa a Buluku la Mvula

Okwera mapiri amatamanda jekete, amatamanda jombo, ena afika potamanda ndodo yoyendera, koma sindinamvepo munthu ataimirira pagulu kunena zabwino za buluku la mvula. Lero ndaima ine. Ndipo popeza wamkulu satchulidwa ngati mwana, ndiziti a Buluku.

Ukulu wa munthu umaonekera pa kayendedwe. Kale azungu a boma ankayenda pa machila, anthu akukhetsa thukuta iwo ali gone. Machila anatha, koma a Buluku sanauzidwe. Mukanyamuka pa Likhubula, m'munsi mwa phiri la Mulanje, kulowera ku Chambe, inu muli wefuwefu pa chitunda cha Skyline, iwo ali phee pansi pa chikwama, atadzipinda ngati bongololo. Mugona pa Chisepo, mukwera Sapitwa mamita onse 3,002, mutsika mawondo akunjenjemera, iwo osagwirako kantchito ngakhale kamodzi. Pofika kunyumba mumawatulutsa ali ouma, akununkhirabe sitolo, inu mukununkha utsi wa masiku anayi. Pa awirinu bwana ndani?

Komatu musawayese aulesi. Ntchito yawo ndi yauzimu. Makolo athu ankapita ku Msinja kwa Makewana, ena ku Khulubvi kwa Mbona, kukapempha mvula ndi nsembe. Mpaka lero mvula ikachedwa, kumidzi kwina amanamizira agogo osalakwa kuti aimanga. Asiyeni agogo. Womanga mvula weniweni ndikumudziwa ine. Mtambo wada bii, madontho ayamba. Mutula chikwama n'kufukula zonse, ndiwo, tochi, masokosi, pakuti a Buluku malo awo ndi pansi penipeni. Muima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, jombo yamatope yakodwa pakati panjira, mudumphadumpha, mukhala pansi pa thanthwe lonyowa musanafune. Potsiriza mwavala, mwakoka zipi. Nthawi yomweyo mvula yakata, kunja kwayera ngwee. Muvule tsono, mupinde, mubwezere pansi paja. Musanayende mapazi makumi awiri mvula ija yabwerera, ndipo yaitana ndi abale ake. Mphamvu yoteroyi boma likanaidziwa, bwenzi likugawa mabuluku m'malo mwa makuponi.

China chimene ndimawalemekezera ndi kukonda zakwathu. Madzi achilendo ochokera kumwamba sawalola kulowa. Koma madzi opangidwa konkuno, thukuta lanu lomwe, amalisunga mosamala, dontho lililonse, n'kulitsetsereza bwinobwino mpaka m'masokosi. Khalidweli ndi la kumtundu. Agogo awo anabadwira ku Glasgow mu 1823, pamene Charles Macintosh anamata mphira pakati pa nsalu ziwiri. Chovalacho mvula chinkaikana ndithu, koma kukatentha chinkamata, kukazizira chinkauma gwa, fungo lake osanena. Mu 1969 Bob Gore ku America anakoka mwadzidzidzi pulasitiki yotchedwa PTFE, ndipo inatanuka n'kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, toti dontho la mvula silingalowe koma nthunzi n'kutuluka. Kuchokera pamenepo ogulitsa amati nsaluyi imapuma. Imapumadi, pamene kunja kuli kouma kuposa mkati. Nanga m'nkhungu ya pa Mulanje, mpweya utakhuta kale madzi, nthunzi yanu ituluke ipite kwa yani? Imakhala nanu, monga m'bale wopanda kwina.

Kusankha a Buluku kuli ngati kusankha nkhoswe: aliyense ali ndi chilema chake, inu mumangosankha chimene mungapirire. Alipo opepuka osafika magalamu 200, oti mukawapinda amakwana m'dzanja. Amenewa ndi mafumu enieni, safuna kukhudzana ndi chilichonse. Thanthwe la Sapitwa ndi lokhakhala ngati mphero yosemedwa kumene, ndipo potsika pali malo amene munthu wanzeru amatsetsereka chokhala. Mukadzuka, a Buluku atsegula zenera kumbuyo, anzanu akuyang'ana kumbali mwaulemu. Alipo olimba, ochindikala, amene sang'ambika, koma kulemera kwawo kumachititsa kuti muwasiye kunyumba, komwe amakhala zaka zambiri ali atsopano. Zipi yaitali yochokera m'chiuno mpaka pa kakolo imakulolani kuvala osavula jombo, komanso kutsegula pang'ono kuti mphepo ilowe. Imawonjezera kulemera ndi mtengo, koma ine, amene ndavinapo gule wa kakowa uja pamaso pa anthu, ndimati lipirani.

Pa kapepala kawo pamalembedwa manambala onga 10,000 mm. Tanthauzo lake n'lakuti nsaluyo ikhoza kusenza madzi oima mamita 10 isanayambe kudontha. Zoyesera m'fakitale zimenezo. Sanayesere munthu wogwada pa mwala akukoleza moto. Mukawapeza pa kaunjika, belo litangotsegulidwa, atembenuzeni muone mkati. Misoko yonse ikhale yomatidwa ndi tepi. Ngati mkatimo mukufundula ngati njoka, apepeseni, muwabwezere pamulu, akapume.

Za mayimbidwe awo sindinena zambiri. Swaa, swaa, swaa, phazi lililonse. Mbalame zonse zimadziwiratu kuti mukubwera, ndipo anzanu sangakutayeni m'nkhungu ngakhale atafuna.

Chimene chimandipweteka m'malo mwawo ndi mwano wa anthu a m'munsi mwa phiri. Mnyamata wonyamula katundu waboola thumba la feteleza, watulutsa mutu, wasenza chikwama chanu ndi chake, ndipo akukudikirani pamwamba pa chitunda akudya nthochi. Mayi wotsika ndi nkhuni wadzifunda tsamba. Onsewa amayang'ana a Buluku monga timayang'anira munthu wobwera kudzalima atavala suti. Sadziwa ulemu, akhululukireni.

Tsiku limene ndinasiya kuwaseka linali la mu Julaye. Chiperoni, mphepo yozizira ya mawawa ija yotenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique, inatipeza pamtetete, kopanda mtengo wobisalapo. Mvula yake siooneka ngati mvula, imangokunyambitani pang'onopang'ono. Mnzanga anali mu jinzi, pakuti m'mawa mwake ananena kuti iye savala jumbo. Pofika masana jinzi ija inali itamwa madzi, yalemera, mphepo ikupyoza. Anayamba kuphonya mapazi, chibwano chikugwedezeka, mawu akutuluka ngati a munthu wochokera ku kachasu. Ine ndinali wonyowanso, inde, koma ndi madzi anga ofunda, amene a Buluku anawatsekera kuti mphepo isawafike. Tinamuvula jinzi ija kuseri kwa mwala, n'kumuveka buluku la mnzathu wina limene linali likadali pa machila. Anafika pa nyumba yogona akuimba swaa, swaa, osadandaula ngakhale pang'ono.

Choncho musananyamuke pa Likhubula, ngakhale kumwamba kuli mbee, anyamuleni akuluakuluwa. Koma muwaike pamwamba m'chikwama, pafupi ndi zipi. Adzanyinyirika kuti si malo a ulemu wawo, inu musawamvere.