Kwa Gogo Chalo Sabuside, Mwini Matumba Awiri

Tavula zipewa, tagwada patali, tikuwomba m'manja. Ndife ana anu oweta ng'ombe za mkaka ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje. Tikudziwa kuti kalata ya anthu onunkha ndowe sifika pamkeka wanu, komabe tiloleni tiyisiye pakhonde.

Mbiri yanu timaidziwa, mfumu. Munalowa ufumu mu 2005, nthawi ya malemu Bingu wa Mutharika, makuponi ali m'manja. Mu 2020 munatchedwa AIP, makuponi munawasiya, munati aliyense abwere ndi chiphaso cha unzika, thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa K4,495. Wokulitsa limodzi, wobereketsa limodzi. Nkhokwe zambiri zinadzaza chifukwa cha inu, ndipo sitingakane, poti nafenso timadya nsima.

Koma mutikhululukire, wamkulu. Maso anu olemekezekawo amaona chimanga chokha. Mumadutsa pakhola pathu osacheuka.

Tinamva kuti ku Nsanje ndi ku Chikwawa munafikako ndi mbuzi. Tinakondwera nawo abale athuwo, Chalo, ndipo tinati mwina tsopano mfumu yadziwa kuti chamiyendo inayi nachonso ndi ulimi. Tinasesa pabwalo. Tikudikirabe.

Tiloleni tikuuzeni za ng'ombeyi, bwana, poti simunaione pafupi. Ambiri tinailandira ili thadzi laling'ono, pa pangano lakuti mwana wake woyamba wamkazi tipatsire mnzathu. Siyenda kudambo ngati ng'ombe za makolo. Imakhala m'khola, ife ndi amene timaisenzera nsenjere ndi madzi, mvula kaya dzuwa. Kuti mkaka utuluke imafuna madeya, ndipo apa ndi pamene ife ndi inu tili pachibale: chaka chimene mwachedwa kufika m'minda, chimanga chimasowa, madeya amakwera, anthu enanso n'kumawapera kuti adye okha. Tsono ng'ombe idye chiyani, mfumu? Imauma mawere ikutiyang'ana.

Nkhupakupa nazo, pepani potchula tizilombo pamaso panu, sizidziwa kuti ndife osauka. Mankhwala opopera amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unathamanga kutisiya m'mbuyo. Mtengo wa lita yathu unatsala ukukwawa.

Tisakutopetseni ndi za m'mamawa, Gogo. Timakama kusanache, n'kukwera zitunda ndi zigubu panjinga kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Kumeneko kuli thanki yoziziritsa. Magetsi akazima, mafuta a jenereta atasowa, mkaka wa mudzi wonse umasasa, galimoto yodzatenga n'kubwerera yopanda kanthu. Tsiku lotero palibe amatilipira. Madzulo ake ng'ombe imafunabe chakudya chake.

Namondwe wa Freddy atagwetsa makola mu Malichi 2023, tinamanganso tokha. Sitikudandaula, Chalo, tikungokumbutsa.

Sitikupempha mpando wa chimanga, ayi ndithu, ndife yani ife? Tikupempha pangodya pa mkeka pokha. Mankhwala a nkhupakupa atsikeko mtengo. Alangizi obereketsa ng'ombe akhale ndi njinga zofikira kwathu nthawi isanapitirire, chifukwa ng'ombe ikaphonya bere, banja limakhala miyezi yambiri lopanda mkaka. Thanki ija ipeze mphamvu ya dzuwa. Zimenezi zingapulumutse fizi ya ana ambiri, poti mkaka umalipira mwezi ndi mwezi pamene chimanga chimalipira kamodzi pachaka.

Ndipo ngati simunyansidwa, wolemekezeka, ndowe zathu zomwezi ndi zimene zimathandiza feteleza wanu kugwira nthaka yotopa ya m'mapiri muno. Takhala tikukutumikirani chomwechi mwakachetechete.

Yankho sitikuliyembekezera, mfumu. Muli ndi mizere yaitali ya anthu ofuna kukuonani, ena ogona panja pa madepoti. Ife tiyambe tanyamuka chammbuyo, nthawi yokama yakwana.

Ndife akapolo anu,
Oweta ng'ombe za mkaka