Ndinakana ugogo, mutu unalipira

Zonsezi anaziyambitsa ndi mlonda wa pabanki ina mu Limbe. Linali tsiku la malipiro, ine ndili pamzere, ndikuwerenga chamumtima angongole amene ankandidikira panja. Mnyamata wa yunifolomuyo anandigwira pachigongono mwaulemu wonse n'kunena kuti, "Agogo, musavutike ndi mzere, bwerani kutsogolo kuno." Ndinacheuka kuti ndiwapatse njira agogowo. Kumbuyo kwanga kunali atsikana awiri ongoseweretsa mafoni ndi mnyamata wa kabaza. Agogowo ndinali ine, a Phiri, wa zaka 47, munthu woti mpira wa madala Lamlungu ndimathamanga mphindi 15 zathunthu osapempha madzi.

Ndinakana. Ndinaima pamzerepo maola awiri, miyendo ikunjenjemera, pofuna kumuonetsa mwana ameneyo kuti unyamata ndikadali nawo.

Nditafika kunyumba ndinabwereka kalilole wa mayi a kunyumba n'kudzitsekera kuchipinda. Mlonda uja sananame. M'mbali mwa makutu monsemu munali mbuu, ngati ndangotuluka m'chigayo. Nabanda, ndiye mayi a kunyumbawo, anandipeza ndikuzula imvi imodziimodzi ndi zala.

"A Phiri, imvi ndi ulemu," iwo anatero. "Anzanu ambiri anapita asanazione."

Ndinawayankha kuti ulemu umenewo aupereke kwa ena ouvutikira.

M'mawa mwake ndinagula dayi kwa venda wina pafupi ndi msika. Pakabokosipo panali chithunzi cha bambo womwetulira, mano onse panja, tsitsi lake bii. M'kati munali timabotolo tiwiri tosakaniza ndi kapepala ka zilembo zing'onozing'ono ngati nyerere. Kapepalako kankati uyambe wapaka pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, uone ngati khungu likugwirizana nawo. Kankatinso uvale magolovesi, ndipo mankhwalawo asapitirire mphindi 30 ali m'mutu. Pambuyo pake ndi pamene ndinadziwa chifukwa chake: mu dayi wakuda wambiri mumakhala mankhwala otchedwa PPD, amene anthu ena amatupa nawo nkhope mpaka maso kutsekeka. Koma tsiku limenelo kapepalako ndinakolezera mbaula. Safunsa anadya phula, ine ndinachita kudzola.

Linali Loweruka, Bullets ikusewera ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Wezulo yoyamba ikulira pawayilesi, ine ndinali nditamaliza kupaka ndi mswachi wakale. Nzeru zanga zinali zoti nyemba zikakhalitsa pamoto ndi pamene zimapsa bwino, ndiye dayi angasiyane bwanji? Chigawo choyamba chinatha, nthawi yopuma inadutsa, chachiwiri n'kulowa. Mutu unkatentha ngati ndasenza mbaula ija, koma ndinkati ndi mpira. Ndinakasamba oimbira atawonjezera kale mphindi zinayi.

Kuda kumene kunatuluka pamenepo sikupezeka pamutu wa munthu wobadwa kwa mayi. Kumapezeka kunsi kwa mphika wa pamaliro. Makutu anada, pachipumi panadutsa mzere ngati malire a munda, ndipo zikhadabo zinakhala zakuda milungu iwiri. Kutchalitchi mkulu wa mpingo anandigwira dzanja, n'kuliyang'anitsitsa, n'kufunsa ngati ndavota ndi zala zonse khumi. Thawulo linapita, pilo linapita, kolala ya malaya anga oyera a Mgonero inapitanso. Choipitsitsa n'chakuti ndevu ndinaziiwala. Pamwamba panali mnyamata wa zaka 25, pachibwano pali malume ake.

Komabe milungu iwiri yoyambayo ndinayenda ngati mwini tawuni. Kondakitala wina ananditchula kuti "bigi" m'malo mwa "madala", ndipo ndinamusiyira chenje.

Mlungu wachitatu imvi zinayamba kusuzumira pansi, mzere woyera ngati wa pakati pa msewu wa Zomba. Pamwamba napo mtundu unayamba kufiirira. Ine mutu ndimasambitsa ndi sopo yemweyo wochapira zovala, wamtanda uja, madzi ake otentha bwino, kenako n'kukayenda padzuwa la Okutobala wopanda chipewa. Sindinkadziwa kuti zitatu zimenezi ndi adani a dayi. Ndinangoti vendayo anandigulitsa wochepa mphamvu, ndiye ndinagula wina n'kupakanso mutu wonse. Patapita milungu itatu ndinabwerezanso.

Apa ndi pomwe mnyamata amene amandimeta analowererapo ndi uphungu wake. "Madala, dayi wakaleyu wachuluka. Timuchotse kaye ndi bulitchi, kenako tiike watsopano, muoneka ngati mwana wa Fomu 4." Anandipaka phala loyera lonunkha moti misozi inkangotsika yokha. Atatsuka, tonse awiri tinakhala chete. Tsitsi linali la mtundu wa ndevu za chimanga chokhwima, pena lofiira, pena lachikasu, ndipo kuligwira linkamveka ngati waya wokwechera mapoto. Atalowetsa chipeso, chinatuluka ndi theka la munda. Mnyamatayo anati dayi watsopano uja tidikire kaye. Ndalama yake yokha sanadikire.

Mayi wina woyandikana nafe nyumba, amene amagwira ntchito ya zaumoyo kusikelo ya ana, anaitanira Nabanda pambali. Anawauza monong'ona kuti tsitsi likafiira chonchi n'kumathothoka, kwa mwana chimakhala chizindikiro cha kunyentchera, ndiye asachite manyazi, azindiphikira Likuni Phala m'mawa uliwonse.

Ndinaganiza zodzichiza ndekha mwakachetechete. Pagulu lathu la WhatsApp la anzanga a kusekondale wina anali atatumizapo kale nzeru yoti peyala lakupsa, dzira ndi mafuta pang'ono zimadzutsa tsitsi lakufa. Nabanda atapita ku Mvano, ndinatenga mazira awiri m'kabati, peyala limodzi ndi supuni zitatu za mafuta ophikira. Ndinakanya zonsezo m'bakuli, n'kudzimata m'mutu, n'kuvala jumbo, n'kukhala pampando kuseri kwa nyumba. Ntchentche za mu Bangwe monse zinauzana. Galu wa aneba, amene chibadwire sanandikondepo, anabwera kudzakhala pamapazi anga akundiyang'ana ndi maso a chibale.

Itakwana nthawi yotsuka, ndinapeza ndowa ya madzi amene anali atangophulidwa pamoto. Ndinathirako ozizira pang'ono chabe, poti mwamuna saopa madzi otentha. Abale anga, dzira silisankha malo opsera. Kaya ndi m'chiwaya kaya ndi pamutu pa munthu wa ana anayi, likakumana ndi moto limapsa basi. Nabanda anandipeza nditawerama pabafa, ndikutola tizidutswa toyera m'tsitsi, nkhuku zikulimbirana zimene zinkagwa pansi.

Anaima kanthawi, manja m'chiuno. "Mazira amenewo anali ndiwo za mawa," iwo anatero. "Poti mwaphika kale, nsima ndikubweretsereni komweko?"

Usiku womwewo anaimbira foni mng'ono wawo amene ali ndi saluni. Ndinapitako mbandakucha, nditavala chipewa cha ubweya m'nyengo yotentha, n'kulowera khomo lakuseri. Mlamu wangayo atavula chipewacho anaseka mpaka anakhala pansi, kenako anadzuka, n'kuyang'ananso, n'kukhalanso pansi.

"Alamu, mutu uwu ndi katundu wa achemwali anga. Munapempha kwa ndani kuti muuwotche chonchi?"

Atapukuta misozi anazula tsitsi limodzi, n'kulikoka pang'ono pakati pa zala, ndipo linaduka ngati ulusi wovunda. Anandifotokozera kuti tsitsi lililonse lili ndi mamba ogonerana ngati a chambo. Dayi wokhalitsa amakhala ndi ammonia wotukula mambawo, komanso hydrogen peroxide wowononga mtundu wachibadwa m'kati kuti watsopano ulowe. Ukatero kamodzi, mamba amagonanso koma osati ngati kale. Ukabwereza katatu m'miyezi iwiri n'kuwonjezera bulitchi, amangoti nyankhalala ngati denga la udzu mphepo itadutsa, ndipo chinyezi chonse chimathawa. Anatinso tsitsi lathu lopotanali ndi louma kale mwachibadwa, chifukwa mafuta ochokera pakhungu amavutika kuyenda m'makona onsewo mpaka kunsonga, ndipo pokhota paliponse ndi pamalo poduka.

Ndinafunsa kuti mankhwala ochiza ndi ati, ndigule lero lomwe, zithe.

"Palibe," anatero. "Tsitsi likangotuluka pakhungu ndi lakufa, ngati chikhadabo. Silipola ngati chilonda. Zonse mukuziona m'mabotolomu zimangomata ming'alu ndi kulifewetsa kuti lisaduke, podikira latsopano."

Mawu amenewa anandipweteka kawiri. Koyamba chifukwa cha mutu wanga. Kachiwiri chifukwa zaka 20 zonsezi ndakhala ndikulalikira m'nyumba kuti mabotolo a Nabanda ndiwo akutilepheretsa kugula malata, ndipo tsopano ndinali pampando wa saluni, thawulo la maluwa m'khosi, ndikufunsa kuti kondishona ndi uti. Bizinesi imeneyi inalemeretsa anthu kalekale. Katswiri wa mankhwala wa ku Paris, Eugène Schueller, anapanga dayi wake mu 1907 n'kumagulitsa kwa okonza tsitsi a mumzindawo, ndipo kampani imene anayambitsa mu 1909 ndiyo L'Oréal ya lero. Munthu ameneyo anazindikira msanga kuti padziko pano sipadzasowa wina wokana kutchedwa agogo.

Malamulo amene mlamu anandipatsa anaposa a kuchinamwali. Sopo wochapira abwerere ku zovala. Mutu ndizisambitsa kamodzi pamlungu ndi shampu wopanda sulfate, madzi ake ofunda chabe, oti mwana wakhanda angasambe. Ndikatero ndizipaka kondishona, ndivale kachipewa ka pulasitiki, ndikhale mphindi 20 kapena 30 ndisanatsuke. Nditamuuza kuti ine ndimangodzola mafuta ambirimbiri basi, anagwedeza mutu. Akuti mafuta sanyowetsa tsitsi, amangotsekera chinyezi chimene chilimo kale, ndiye ukadzola pa tsitsi louma watsekera chilala m'nyumba. Uyambe ndi madzi, mafuta pambuyo. A kokonati amalowerera ndithu m'kati mwa tsitsi, pamene a nsatsi, omwe aja agogo anga ankatenga nthanga zake kuseri kwa khola n'kukazinga, kusinja ndi kuwiritsa, ndi olemera, ofunika kadontho chabe. Ndinadandaula mumtima kuti chinthu chimene ndinkachithawa ndili mwana chifukwa cha fungo, lero ndikuchigula m'botolo la chizindikiro cha Chingerezi.

Chipeso changa chachitsulo anachiponya m'bini ine ndikuona, n'kundipatsa cha mano otalikirana, chopesera tsitsi likadali lonyowa. Padzuwa, chipewa. Dayi ndisamuyandikire kwa milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, ndipo ngati uchitsiru udzandibwerere, ndidzapake pa tsitsi lomera kumene lokha, osati mutu wonse. Mayi wina amene ankadikira kumangidwa tsitsi anandilimbitsa mtima kuti iye anawongola tsitsi ndi rilakisa n'kudaya tsiku lomwelo m'malo modikira milungu iwiri, ndipo anavala wigi chaka chathunthu. Tinagwirana chanza ngati anthu ogonekedwa wodi imodzi.

Lamulo lomaliza ndi limene linandimaliza. Pilo la nsalu ya thonje limamwa mafuta a m'tsitsi ndiponso limalikwecha usiku wonse, choncho ndizigona nditavala kachipewa ka satini. Nabanda anali nako kapadera, kapinki, ka lamba m'mphepete. Ndinavomera pa mfundo imodzi, yoti magetsi azikhala atazimitsidwa.

Zinayenda bwino masiku khumi. Usiku wa khumi ndi chimodzi kunamveka mfuu cha kumunsi kwathu: "Wakuba! Wakuba!" Ndinadzambatuka, n'kutola chibonga kuseri kwa chitseko, n'kudzikulunga chitenje choyamba chimene dzanja linagwira, ulendo. Amuna a m'dera lonse anali atasonkhana kale pamjigo. Wapampando wa chitetezo cha m'mudzi anandiunika ndi tochi kuyambira kumutu, n'kunena mokoma mtima kuti, "Mayi, bwererani kunyumba, izi tisiyireni abambo." Nditayankha ndi mawu anga a besi, wakuba uja anaiwalika. Ndikukhulupirira kuti anafika kwawo bwinobwino, akuyenda pang'onopang'ono.

Kunena chilungamo, patatha mwezi tsitsi linafewa ndithu, ndipo chipeso chinasiya kukolola. Koma mtundu wa ndevu za chimanga uja sunasunthe, nsonga nazo zinali zogawanika, ndipo mlamu anati yogawanika mankhwala ake ndi sizasi basi. Ndinafunsa kuti latsopano lifika liti. Anati tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ngakhale ulipempherere. Ndinawerengera miyezi ya kachipewa kapinki imene inatsala, ndipo ndinamuuza kuti atenge makina ometera. Anandimeta mpala. Ana anga anaona koyamba maonekedwe enieni a mutu wa bambo awo, ndipo wamng'ono analira.

Papita miyezi iwiri tsopano. Imvi zabwerera zonse, zatenganso abale awo. Nabanda akudabwa kuti kondishona wawo akutha msanga masiku ano, ine ndimawathandiza kukayikira ana.

Lachisanu lapitali ndinapitanso kubanki kuja, mzere utafika pamsewu. Mlonda yemwe uja anandigwira pachigongono. "Agogo, bwerani kutsogolo kuno." Ndinagwira msana ndi dzanja limodzi, n'kuyamba kutsimphina pang'ono kuti a pamzere asadandaule. Tikuyandikira pakauntala, mnyamatayo anatsitsa mawu.

"Pepani agogo, musandione ngati wamiseche. Miyezi yapitayi kunkabwera mwana wanu kuno, wofanana nanu kwambiri, wa tsitsi lofiira. Ameneyo mumuyang'anitsitse, akuoneka ngati wayamba chamba."

Ndinamuthokoza chifukwa cha chikondi chake, ndipo ndinamuuza kuti mwanayo tinamutumiza kumudzi.